Kudzimana kuti mpamba ukule: podula ndi posadula

Wogulitsa tomato kapena kaunjika akaganiza zoyamba kusunga ndalama, kawirikawiri amayambira pa mimba. Amadziuza kuti kuyambira Lolemba nkhomaliro yatha, azingotafuna chinangwa ndi kumwera madzi mpaka kuweruka. Lolemba zimatheka, Lachiwiri zimathekanso. Pofika Lachinayi mutu ukuwawa, makasitomala akumuona ngati wakwiya, ndipo madzulo amakathera pa chiwaya n'kudya ndalama ya masiku atatu nthawi imodzi.

Kudziikira ndalama yochepa ya tsiku ndi nzeru yabwino, koma kumafuna masamu. Ndalama zimene zili m'chikwama madzulo si zanu zonse. Tiyerekeze kuti mwaoda katundu wa K40,000 ndipo mwamugulitsa yense pa K52,000. Ambiri amati apeza K12,000, pamene sanachotse ya minibasi, ya wonyamula katundu, ya chiphaso cha khonsolo ndi ya majumbo. Zimenezi zikadya K4,000, phindu lenileni ndi K8,000. Apa ndi pamene muyenera kudulapo malipiro anu, monga mmene bwana amalipirira wantchito: mwina K6,500 ya pakhomo, K1,000 yosunga, K500 ya tsiku limene mvula idzabalalitse msika. K1,000 ikuoneka yochepa, koma pa masiku 26 ogulitsa imakwana K26,000. Manambala anu akhoza kusiyana ndi awa. Chachikulu n'chakuti yosunga ichoke poyamba, isadikire zotsala, chifukwa zotsala sizikhalapo.

Vuto la bajeti ya tsiku ndi lakuti imakukankhirani kogula zinthu pang'onopang'ono, ndipo kumeneko n'kumene zinthu zimadula. Walkman wa ufa, kachubu ka mafuta ophikira, kajumbo ka makala, shuga wa pa kapepala: chilichonse chimaoneka chotchipa chifukwa mukutulutsa ndalama yochepa, koma wogulitsa waikapo phindu lake pa kalikonse. (Amene mumagulitsa zimenezi mundikhululukire, inunso mukudziwa kuti phindu lanu lagona pomwepo.) Yesani tsiku lina: gulani walkman mmodzi, mumuike pa sikelo ya mnzanu wa nyemba, muwerengetse kuti kilogalamu ikukudyerani zingati. Kenako yerekezani ndi kugula ndowa ya chimanga n'kupita nayo kuchigayo, komwe mubwerakonso ndi gaga kapena madeya.

N'chifukwa chake ine ndimati ndalama yoyamba imene mwasunga isapite kubanki, ipite ku ufa, makala ndi mafuta. Ngati thumba la makala simungalikwanitse nokha, sonkhani atatu a mzere umodzi mugawane. Zinthu zitatuzi zikakhala m'nyumba, ndalama ya tsiku imangotsala ya ndiwo, ndipo ndiwo ndi zimene munthu wa pamsika angathe kuzipeza motsika: masamba ndi tomato wofewa amene anzanu amatsitsa dzuwa likamalowa, bonya, nyemba, soya pieces. Nsima ya dzulo kapena mbatata yophika kunyumba n'kunyamula m'kontena imakupulumutsani ku chiwaya.

Podula penipeni nthawi zambiri si pa chakudya. Ndi pa kabaza wa mtunda woti mukadayenda, pa bandulo yothera pa WhatsApp, pa kubetcha mpira Loweruka, ndi pa katundu wa pa benchi amene amapita kunyumba osalembedwa. Mayi wa mandasi amene ana ake amatengapo anayi m'mawa uliwonse sanawadyetse ulere, wawagulira ndi mpamba. Palibe cholakwa kuwapatsa, koma lembani m'kabuku pa mtengo wogulitsira. Chimodzimodzi ngongole za achibale ndi anansi. Lembani chilichonse kwa sabata imodzi yokha, muona nokha pamene pakudontha.

Pali zina zosayenera kukhudza. Chakudya cha m'mawa kwa munthu wosenza katundu kapena wopalasa njinga ndi gawo la mpamba. Mankhwala a mwana sadikira mapeto a mwezi. Kuzemba chiphaso n'kulandidwa katundu ndi kutaya ng'ombe pofuna kupulumutsa nkhuku. Ndipo bajeti ikathina kwambiri moti kavuto kakang'ono kakukutumizani kwa wakatapila, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimafafaniza kudzimana kwa miyezi itatu. Bola kusunga K500 tsiku lililonse osaphonya kusiyana ndi K2,000 ya masiku anayi.

Ndalamayo ikhale kutali ndi dzanja. Banki m'khonde ndi chipereganyu zimathandiza chifukwa anzanu amakukakamizani, koma lowani gulu la anthu amene mumadziwa kwawo ndipo kabuku kazionedwa ndi aliyense. Airtel Money ndi TNM Mpamba n'zabwinonso, bola musamatape pafupipafupi, poti kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake.

Komanso kwacha sisungika nthawi yaitali. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi ndalama pansi pa matiresi anaona mtengo wa belo la kaunjika ukuwathawa. Choncho kudzimana kwanu kukhale ndi tsiku lothera komanso chinthu chodziwika chimene mukufuna: miyezi itatu, kenako sikelo yanuyanu, belo lathunthu m'malo mopikula kwa ena, kapena matumba awiri a chimanga. Ngati ndi chimanga, konzani kuti ndalama ikwane pakati pa Meyi ndi Julayi, pamene alimi akolola ndipo mtengo umakhala pansi, osati mu Januwale. Chiumitseni bwino musanachitsekere m'matumba a PICS, kapena thirani mankhwala, kuopa anankafumbwe.