Ikayenda pa laputopu, ntchito sinathe

"Pa laputopu yanga ikuyenda bwinobwino." Mawu awa ndimawamva kawirikawiri kwa achinyamata olemba mapulogalamu, ndipo amaganiza kuti chatsala n'kungokopera mafayilo ku seva basi. Komatu seva ndi nyumba ina. Mwina Python wa kumeneko ndi wakale, mwina foda imene pulogalamu ikufuna kulembamo ndi yokhoma. Kaseva koyesera ka Django, kaja ka runserver, eni ake omwe amachenjeza kuti si kolandirira anthu enieni. Kumbuyo pamafunika chinthu ngati Gunicorn, kutsogolo Apache kapena Nginx, imene Igor Sysoev anaitulutsa mu 2004. Mukaiwalanso kuzimitsa DEBUG, pulogalamu ikangopunthwa imavundukulira mlendo aliyense zam'kati mwake.

Chikhulupiriro chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti munthu wosamala angathe kuika pulogalamu pamanja, seva imodziimodzi, osaphonya. Taonani zimene zinagwera Knight Capital, kampani yochita malonda a masheya ku America. Chakumapeto kwa July 2012 ankaika pulogalamu yatsopano pa maseva 8, koma imodzi inadumphidwa n'kutsala ndi yakale. Panalibe munthu wachiwiri woti aunikenso ntchitoyo. Pa 1 August msika utangotsegulidwa, seva ija inayamba kutumiza maoda mosalekeza, ndipo m'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inaluza madola oposa 400 miliyoni. Amenewa sanali anthu osadziwa ntchito ayi. Dzanja limatopa, mutu umaiwala. N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti njira yonse yoikira pulogalamu ilembedwe mu script, kuti seva iliyonse ilandire chinthu chimodzimodzi, komanso pakhale pobwerera zinthu zikasokonekera.

Wina amati, "Seva yanga ndi yaing'ono, ndani angaifune?" Akuba a pa intaneti sasankha. Makina awo amagogoda pa adiresi iliyonse usana ndi usiku. Yatsani seva lero, mawa mutsegule log ya SSH, mudzapeza alendo akhala akuyesa mapasiwedi pa port 22. Muzilowa ndi makiyi a SSH, mukanize root kulowa mwachindunji, ndipo firewall isiye makomo ofunika okha, monga 22, 80 ndi 443.

Zoti HTTPS ndi ya makampani olemera zinatha kale. Let's Encrypt inayamba kupereka masatifiketi aulere mu 2015, ndipo Certbot imawakonzanso yokha asanathe ntchito.

Nanga zija zoti zinthu zikakhala ku "cloud" sizingatayike? Cloud ndi makompyuta a munthu wina, ali m'nyumba yoti ikhoza kupsa. Mu March 2021 moto unawononga nyumba yosungira maseva ya OVH ku Strasbourg, m'dziko la France. Makasitomala ena anali ndi backup ndithu, koma inali pamalo omwewo, ndipo inapsera limodzi ndi seva zawo.