Mafunde a Zambezi ku Degue: chimawadzutsa n'chiyani?

Mlendo wochokera ku Angónia kapena ku Chifunde akafika ku Degue, bairro la kunja kwa mzinda wa Tete, amapeza mtsinje wa Zambezi uli phee m'mawa, n'kumayesa kuti umakhala choncho tsiku lonse. Dzuwa likapendeka madzi omwewo amakhala atalusa, ndipo bwato lodzaza matumba a chimanga kapena a makala limayamba kumwa madzi.

Chimene chimadzutsa mafundewa kawirikawiri ndi mphepo. Pa Tete, Zambezi amatsikira cha kum'mwera chakum'mawa, kulowera ku nyanja ya mchere. Mphepo ya mwera, yomwe imaomba kwambiri m'miyezi yopanda mvula, imachokera komweko. Choncho madzi akutsika, mphepo ikukwera, ziwirizi zimagundana. Mafunde ake amakhala afupiafupi, osongoka, obwera motsatizana, osapatsa wopalasa mpata wowongola bwato. Poipa kwambiri ndi pamene madzi akuya amakumana ndi mchenga wa pakati pa mtsinje: pamenepo funde limaima n'kusweka, ndipo mchengawo umasamuka, moti njira imene inali yabwino chaka chatha si yodalirika chaka chino.

Ku gombe la Tofo, m'chigawo cha Inhambane, alendo amalipira ndalama kuti akasewere pa mafunde ataimirira pa thabwa, masewera otchedwa surf. Asanalowe m'madzi amayamba ayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Wopalasa wa ku Degue amawerenga zomwezo, kungoti iye wanyamula anthu ndi zokolola.

Palinso damu la Cahora Bassa, ku Songo, lomwe linamalizidwa mu 1974. Kampani ya HCB ikatsegula zitseko za damuli, madzi amakwera ku Degue kuli ngwee, popanda ndi kamtambo komwe. Safika nthawi yomweyo. Amatenga maola ambiri ali m'njira, n'chifukwa chake munthu amatha kusiya pampu kapena bwato pamchenga madzulo, m'mawa n'kupeza palibe. Madimba a m'mphepete ndi a pazisumbu ndiwo amayamba kumira, monga zinachitikira pa kusefukira kwa 2001 ndi 2008. Chenjezo limachokera ku ARA-Centro ndi ku INGD, ndipo limaulutsidwa pa wailesi. Kulinyozera chifukwa kunja kukuwala ndi kulakwitsa kumene kwatayitsa alimi mbewu ndi ziweto.

Koma si madzi onse amadzera pa damu. Mitsinje ya Luia ndi Capoche, yochokera kumapiri a kumalire, imathira mu Zambezi kumunsi kwa damulo, mzinda wa Tete usanafike. Mvula yamphamvu ikagwa ku Macanga, ku Chifunde kapena ku Marávia, palibe chitseko choiletsa. Chizindikiro chake ndi madzi ofiira amatope, odzaza zinyalala ndi mitengo yoyandama. Wachibale amene ali kumtunda akaimba foni kunena kuti kwagwa chimvula, ndiye kuti wathandiza kwambiri.

Nthawi yabwino yowoloka ndi m'mamawa, mphepo isanadzuke, katundu wachepetsedwa mpaka m'mphepete mwa bwato mukuoneka bwino pamwamba pa madzi. Ana asasambe pamene mchenga ukuthera mwadzidzidzi, ndiponso malo aphee a m'mabango, amene amaoneka abwino kuchapirapo, ndi omwe ng'ona zimakonda kubisalamo.