KUSANKHA MAKINA OJAMBULIRA DZUWA KOPANDA KUTAYA MASO

Anthu amene anaona kadamsana wa pa 21 June 2001 sadzaiwala tsikulo. Masana dzuwa likali pamwamba, mzinda wa Lusaka unagwa mdima kwa mphindi zitatu ndi kanthu, ndipo m'mphepete mwa dzuwa lobisikalo munaoneka timalilime tofiira ngati moto wa lupsa uli patali. Akuluakulu a kum'mawa adziwanso kuti mbiri ya Angoni imamanga kuoloka Zambezi kwa Zwangendaba ndi kadamsana wa mu November 1835.

Timalilime timeneti tiripo tsiku ndi tsiku, koma kuwala kwa dzuwa kumatibisa. Si moto wa nkhuni ai, koma ndi mpweya wotentha koopsa wochedwa hydrogen, umene mphamvu ya maginito ya dzuwa imaunyamula m'mwamba. Lilime limodzi likhoza kuposa dziko lapansi kutalika kwake kangapo. Mu 1868 Jules Janssen wa ku France, atapenya kadamsana ku India, anapeza njira yoonera malilimewa ngakhale kopanda kadamsana, ndipo Norman Lockyer wa ku England anacita cimodzimodzi caka comweco. Mu 1933 Bernard Lyot anapanga sefa ya kuwala yothandiza pa nchito imeneyi. Masiku ano sukulu kapena munthu wamba akhoza kugula telesikopu yocita zimenezi, ndipo dzina lake ndi telesikopu ya hydrogen-alpha.

Nchito yake ifanana ndi ya sefa ya ufa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse yooneka mu utawaleza, koma sefa ya m'makinawa imabweza mitundu yonseyo ndi kulola kadontho kamodzi kokha ka kuwala kofiira kamene hydrogen amatulutsa, pa muyeso wa 656.28 nanometer. Kuwala kwina konse kukacoka, malilime aja ndi mizere yakuda ya pankhope pa dzuwa zimaonekera poyera.

Cinthu coyamba cimene wogula ayenera kudziwa cikhudza maso ake. Pali masefa ena olembedwanso kuti H-alpha amene apangidwira kujambula mitambo ya nyenyezi usiku. Amenewa ndi ochipa, koma mpata wao ndi waukulu ndipo sachinga kutentha kwa dzuwa. Munthu wopenya dzuwa ndi sefa yotere akhoza kupsereza diso kopanda kumva kuwawa, ndipo bala la mkati mwa diso kawirikawiri silicira. Galasi lodetsedwa ndi mwaye, magalasi akuda a m'maso ndi filimu yakale nazonso sizichinjiriza. Telesikopu yeniyeni ya dzuwa iri ndi sefa yaikulu yochedwa etalon ndi inanso ya kumbuyo yochedwa blocking filter, ndipo ziwirizi ziyenera kukhalapo pamodzi nthawi zonse. Imodzi ikacotsedwa kapena kusweka, makinawo asagwiritsidwenso nchito.

Caciwiri ndi kucepa kwa mpata wa sefa, umene auyesa mu angstrom. Mu milimita imodzi muli ma angstrom 10 miliyoni. Sefa ya angstrom imodzi imaonetsa bwino malilime a m'mphepete. Ya 0.7 imaonjezera zooneka pankhope pa dzuwa, ndipo kulumikiza ma etalon awiri kumatsitsa mpata kufika pafupi ndi 0.5. Apo mizere imaoneka kwambiri, koma cithunzi cimada pang'ono ndipo mtengo umakwera.

Cacitatu ndi kukula kwa galasi la kutsogolo. Telesikopu ya Coronado PST iri ndi galasi la mamilimita 40, ndipo yathandiza oyamba ambiri cifukwa ndi yopepuka. Bvuto lake ndi lakuti makamera ena satulutsa cithunzi cakuthwa pa iyo kopanda kuikapo galasi loonjezera lochedwa Barlow. Kampani ya Lunt ya ku Arizona, m'dziko la America, imapanga za mamilimita 40, 50, 60 ndi zokulirapo. Galasi lalikulu limaonetsa tinthu tating'ono, koma limabvutikanso kwambiri ndi mpweya wotentha wogwedezeka, wonga uja umaoneka pamseu wa tala m'mwezi wa October. Wofuna dzuwa lonse lathunthu m'cithunzi cimodzi apeza kuti galasi la mamilimita 50 kapena 60 limkwanira.

Amene ali kale ndi telesikopu ya magalasi akhoza kugula DayStar Quark, kacipangizo koikidwa kumbuyo kwake. Iko kamakuza cithunzi koposa kanayi, motero nthawi zambiri kamaonetsa cigawo cabe ca dzuwa. Kamafunanso magetsi ndi mphindi zingapo zoti katenthe, ndipo kumudzi kopanda magetsi pafunika batire.

Cacinai cikhudza wojambula yekha. Cithunzi ca dzuwa m'telesikopu ya utali wa mamilimita 400 cimakula pafupifupi mamilimita 4. Blocking filter ikacepa, mphepete mwa cithunzi mumada. Cifukwa cace wojambula asankhe yokulirapo, monga ya mamilimita 6 kapena 12, malinga ndi utali wa telesikopu yake. Kamera yoyenera ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, pakuti m'kamera ya mitundu kadiso kamodzi kokha mwa tinai ndi kamene kamalandira kuwala kofiira, totsalato tingokhala cabe. Akatswiri amajambula zithunzi mazanamazana motsatizana, ndipo kompyuta imasankha zakuthwa ndi kuziphatikiza. Pafunikanso miyendo yolimba yoimikapo telesikopu, makamaka yotsata dzuwa pamene liyenda. Nthawi yabwino ndi m'mawa nthaka isanatenthe, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makinawa ndi a mtengo wapatali ndipo acokera kunja, kotero kuti pa mtengo wake pamaonjezeka ndalama za mtengatenga. Wogula telesikopu yogwirapo kale nchito ayambe waipenda, pakuti cinyontho cimaononga masefa ang'onoang'ono a mkati, amene amacita ngati dzimbiri ndi kudetsa cithunzi. Safunsa anadya phula. M'nyengo ya dzinja makinawo asungidwe pouma m'bokosi lotseka.

Nchito ya dzuwa imakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11, ndipo mu October 2024 akatswiri a NASA ndi NOAA analengeza kuti inafika pacimake. Kadamsana wathunthu wa pa 25 November 2030 adzadutsa ku Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo ku Zambia dzuwa lidzabisika cigawo cabe. Sukulu yokhala ndi telesikopu yoyenera sidzadikira tsikulo, pakuti ana ake adzaona malilime a dzuwa m'mawa uliwonse wopanda mitambo, mphunzitsi ataimirira pambali pao kuyang'anira kuti masefa onse ali m'malo mwake.