Jaguar E-Type: galimoto ya 1961 yomwe inkalimbana ndi mpweya

Mukaima pa Chitakale m'mawa, muwayang'anitsitse akabaza akamatsetsereka mumsewu wa M2. Akafuna liwiro amawerama, chifuwa n'kutsala pang'ono kukhudza mahandulo. Palibe anawalowetsa m'kalasi ya fizikisi, koma thupi linawauza kale kuti mdani wa liwiro ndi mpweya.

Mdani yemweyu ndi amene ankamusowetsa tulo Malcolm Sayer, injiniya wa ku Britain. Asanapite ku kampani ya Jaguar ku Coventry, iyeyu ankagwira ntchito yokonza ndege ku Bristol Aeroplane Company, ndipo thupi la galimoto ankalijambula ndi masamu. Mu Marichi 1961, pachionetsero cha magalimoto ku Geneva, anthu anaona zotsatira zake: Jaguar E-Type, ya mphuno yaitali, yotsika ngati ikukwawa. Inali ndi injini ya malita 3.8, ya masilinda 6 ondondozana. Ataiyesa atolankhani inafika makilomita pafupifupi 240 pa ola, ngakhale kuti zomwe ankagula anthu wamba zinkaperewera pang'ono.

Tsopano tengani cholembera. Mphamvu yomwe mpweya umakankhira galimoto m'mbuyo imakula ndi sikweya ya liwiro. Kuchoka pa 60 kufika pa 240 ndi kuchulukitsa kanayi, ndiye mpweya ukankha ka 16. Koma pawa ndi fosi kuchulukitsa ndi liwiro, eti? Choncho injini iyenera kutulutsa pawa yochuluka ka 64 kuti ingogonjetsa mpweya basi. Apa ndi pomwe ambiri a Fomu 3 mumagwa pamayeso: mumaima pa 16 n'kuiwala liwiro lija.

Anthu amaganiza kuti chinsinsi chili m'kusalala kwa thupi lake. Ine ndimati ayi, si zokhazo. Magalimoto ambiri apabanja amasiku ano amadula mpweya bwino kuposa E-Type. Mwayi wake unali kuchepa kwa nkhope yomwe imakumana ndi mpweya, popeza ndi yopapatiza komanso yaifupi. Wakabaza uja akawerama akuchita zomwezo.

Kuthamanga n'kosavuta, vuto ndi kuima. Tiyerekeze galimoto ya makilogalamu 1,200 pa liwiro la 240, lomwe ndi mamita 67 pa sekondi. Gwiritsani ntchito ½mv², mupeza majuli pafupifupi 2.7 miliyoni. Mabuleki ayenera kusandutsa zonsezi kukhala kutentha, kokwanira kufikitsa madzi ozizira malita 8 powira. Tiyi wa kalasi yonse ameneyo! N'chifukwa chake Jaguar inaika mabuleki a disiki pamateyala onse anayi, nthawi yomwe magalimoto ambiri anali ndi a dilamu omwe akatentha amafooka. Disiki ili poyera, mphepo imaiziziritsa. Akumbuyo anawaika mkati, pafupi ndi difu, kuti mateyala apepuke n'kumagwira bwino msewu pamabampu.

Anapanga ma E-Type oposa 70,000, ndipo mu 1996 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inatenga imodzi. Ine sindikanaiyesa m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi kuno, mimba yake ikanatsalira pamwala woyamba.

Ntchito ya sabata ino: werengerani ½mv² ya minibasi ya makilogalamu 2,500 pa 60, kenako pa 90. Mubwere ndi mayankho onse awiri Lolemba, tidzakambirane za mtunda womwe dalaivala amafunika kuti aime mwana akadumpha msewu.