Kunenerera Mtengo wa Galimoto: Funsani Mtengo Womaliza

Ambiri mwa ife timasunga ndalama za usodzi, mpunga kapena golosale kwa zaka zingapo kuti tigule galimoto. Tsiku logula likafika timalimbana ndi mtengo umene wogulitsa watchula, n'kuiwala ndalama zina zobwera pambuyo. Choncho funso loyamba likhale ili: kufikira galimotoyi italowa pamsewu m'dzina langa, ndilipira zingati zonse pamodzi?

Tikamagula yatsopano ku kampani za ku Blantyre kapena Lilongwe, tipemphe kotesheni yolembedwa kuchokera malo awiri kapena atatu. Iwonetse msonkho, kulembetsa ku Road Traffic ndi inshuwalansi. Tifunsenso ngati mtengowo ndi wa makwacha kapena madola, ndiponso ukhala masiku angati usanasinthe. Tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wogulitsa akakana kutsitsa, tipemphe zina: sevisi yoyamba yaulere, waranti yotalikirapo, kapena galimoto ya chaka chatha imene yatsala m'sitolo.

Tikamaitanitsa ku Japan, tisiyanitse mtengo wa FOB, umene suphatikiza sitima, ndi wa CIF, wofikitsa galimoto padoko la Dar es Salaam pamodzi ndi inshuwalansi ya panyanja. Pamwamba pake pali dalaivala, mafuta, ejenti wa pachipata cha Songwe ndi msonkho wa MRA, umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Yotsika mtengo pa intaneti ikhoza kudula ikafika kwathu.

Kunenerera ndi kololedwa m'Chisilamu, koma bodza ayi. Tisanene kuti kwina atichotsera pamene sanatero, ndipo tisalowerere malonda amene m'bale wathu wagwirizana kale. Ogulitsa ena amatsitsa mtengo kuti atikokere ku ngongole ya chiwongoladzanja. Imeneyo ndi riba, ndipo zimene atichotsera zimabwerera kwa iwo. Ngati ndalama zaperewera, tifunse za murabaha: banki imagula galimoto n'kutigulitsa pa phindu lodziwika, ndipo mtengowo susintha mpaka timalize kulipira.

Tisapereke chikole tisanalembe pangano pamaso pa mboni. Mtengo ukapyola thumba lathu, tithokoze n'kunyamuka. Galimoto sizitha, ndipo Insha Allah yathu tidzaipeza.