Mwana wosayankhula uja sanalodzedwe

Achinyamata anzathu, ife alangizi a zaumoyo a kuno ku chigwa cha Domasi timayenda m'midzi mwezi ndi mwezi kukachititsa sikelo ya ana. Tsiku lina tili pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wina kumunsi kwa Songani, kunabwera mtsikana wa Fomu 2 atagwira dzanja mlongo wake wa zaka zinayi. Mwanayo anakana kukwera pa sikelo. Anatseka makutu ndi manja nayamba kukuwa. Amayi ena anasendeza ana awo, ndipo tinamva wina akunong'ona kuti, "Ameneyu bambo ake anamukhwimira kuti alemere."

Mtsikanayo anadikira mpaka anthu onse atapita. Kenaka anati, "Adokotala, mwanayu sayankhula, ndipo amadya nsima yokhayokha popanda ndiwo. Bambo anapita ku Joni ndipo anasiya kuyimba foni. Amayi akuti ndisiye sukulu kuti ndizimuyang'anira iwo akapita ku dimba."

Poyamba ife tinkaganiza kuti mwanayo samva. Koma njinga yathu italira belu anatembenuka msanga, pamene dzina lake tinalitchula kasanu osacheuka. Tinalembera amayi ake kalata yopita ku chipatala chachikulu. Atapitako maulendo angapo, madokotala anawauza kuti mwanayo ali ndi autism.

Kodi autism ndi chiyani?

Autism ndi kakulidwe kosiyana ka ubongo kamene mwana amabadwa nako. Si misala, si ufiti, ndipo sapatsirana. Mwana wotere amavutika kuyankhula ndi kucheza ndi anzake, amakonda kubwereza chinthu chimodzimodzi, ndipo phokoso, fungo kapena kukhudzidwa zimamusautsa kuposa mmene zimatisautsira ife. Ena amayankhula bwino ndipo amakhoza m'kalasi, pamene ena amafuna chithandizo moyo wawo wonse.

Dokotala wa ku America, Leo Kanner, analemba za vutoli mu 1943 atayang'anitsitsa ana 11. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Anyamata ndiwo amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Ndiye kuti m'midzi yathu ya kwa Malemia ndi kwa Kuntumanji ana otere alimo, kungoti ambiri amabisidwa m'nyumba.

Akatswiri apeza kuti gwero lalikulu ndi chibadwa, zimene mwana amatengera ku mtundu wa bambo ndi wa mayi womwe. Palibe chimene mayi analakwa ali woyembekezera. Katemeranso sayambitsa autism. Bodza limeneli linafala kuchokera pa kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 1998, amene magazini ya The Lancet inamufafaniza mu 2010 zitadziwika kuti anali wachinyengo. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, amene anatsatira ana oposa 650,000, sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemera wa chikuku ndi autism. Choncho ana onse alandire katemera wawo mu nthawi yake.

Zizindikiro zimaoneka mwana asanakwane zaka zitatu: sacheuka akaitanidwa, sayang'ana munthu m'maso, salozera chala chinthu chimene chamusangalatsa, amachedwa kuyankhula kapena amasiya mawu amene anayamba kutchula. Komabe musathamangire kuweruza. Kusamva, malungo a mu ubongo, kunyentchera ngakhalenso HIV yosalandirira mankhwala zimachedwetsa mwana kukula. N'chifukwa chake mwana aliyense wochedwa kuyankhula ayenera kuyezedwa ku chipatala.

Nkhondo ya pa mbale

Titakacheza ku nyumba kwa mwana uja, tinapeza kuti vuto lalikulu linali chakudya. Agogo ake ankati ndi matama, ndipo amalume ake ankamugwira manja n'kumuthira ndiwo m'kamwa. Mwanayo ankasanza, mawa lake n'kukana ngakhale nsima imene.

Ana ambiri a autism amasankha zakudya chifukwa cha mmene zimamvekera m'kamwa. Kuterera kwa therere, fungo la usipa kapena mtundu wa tomato zingathe kumunyansa mwana ngati mmene mchenga ungatinyansire ife mu mpunga. Sachitira dala. Koma nsima yokha siingakulitse mwana. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Mwana wosankha zakudya ali pa chiopsezo chachikulu kuposa anzake.

Paja timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Funso linali lakuti, magulu amenewa alowa bwanji m'thupi la mwana wokana ndiwo? Tinagwirizana ndi amayi ake kuyambira pa chimene amachikonda kale. Popeza phala ankamwa, tinayamba kuthiramo nsinjiro pang'ono kwambiri, yosakwana supuni yaing'ono. Patapita masiku tinawonjezera timadontho ta mafuta ophikira. Kenaka matemba a ku Chilwa okazinga, osinja ndi kusefa mpaka kukhala ngati ufa. Tsiku lina amayi anafulumira nathira matemba ambiri, mwana anakana phala masiku awiri, ndipo tinayambiranso pachiyambi.

Chakudya chatsopano amachiika pa kambale kena pambali, osasakaniza ndi nsima. Mwana akachiyang'ana, kuchigwira kapena kuchinunkhiza, amamuyamikira. Papaya anaikidwa pambali pake kambirimbiri asanamulawe. Amadya nthawi yofanana tsiku lililonse, pa mphasa yomweyo, m'mbale yomweyo, wailesi itazimitsidwa. Kukakamiza ndi kumenya zinatha amalume atamvetsa.

Chenjezo lathu ndi ili: palibe chakudya, mtengo wa kwa sing'anga kapena mankhwala a m'botolo amene amachotsa autism. Pa intaneti mudzawerenga zoti mwana asiyitsidwe mkaka ndi buledi. Kafukufuku sanapeze umboni wokwanira woti zimenezi zimathandiza, ndipo mwana wodya zochepa kale mukamuchotseranso zina mungomunyentcheretsa. Banja limene tikunenali linali litagulitsa kale mbuzi ziwiri polipira asing'anga.

Thanzi la mwana wosatha kunena pamene pakuwawa

Mwana wosayankhula sanganene kuti mutu ukuwawa. Akayamba kudzimenya, kulira kosatonthola kapena kukana kugona, fufuzani kaye: mano, makutu, m'mimba ndi kutentha kwa thupi. Thupi likatentha, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo ngati akuiopa muzoloweretseni masana mwa masewera.

Kudzimbidwa kumavuta ana ambiri otere. Madzi okwanira, papaya, mango ndi masamba zimathandiza. Ena amadya dothi kapena makala, choncho asaphonye mankhwala a njoka za m'mimba ndi vitamini A, ndipo ayezedwe ngati magazi ali okwanira. Mwana akamatsika sikelo, ku chipatala amaona ngati akufunika chiponde.

Khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism. Mwana akagwa, mugonekeni chammbali kutali ndi moto, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo mupite naye ku chipatala. Khunyu sipatsirana, ndipo mankhwala ake alipo.

Ana ena amangochoka pakhomo osaopa kanthu. Kuno tili ndi mtsinje wa Domasi, minda ya mpunga, zitsime zosavindikira ndi msewu waukulu wa ku Liwonde. Anansi onse amudziwe mwanayo, kuti akamuona yekha amubweze. Kumumanga chingwe kapena kumutsekera m'nyumba ndi nkhanza. Kumbukiraninso kuti mwana wosayankhula ndi wosavuta kugwiriridwa chifukwa sangaulule. Mukakayikira nkhanza, uzani apolisi kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Kumene mungapeze chithandizo

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chapafupi monga cha Domasi kapena St Luke's ku Malosa. Iwo angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Makolo a ana olumala ali ndi bungwe lawo la PODCAM. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo ku ofesi ya zamaphunziro angakuuzeni sukulu imene ali. Mwana wa autism ali ndi ufulu wopita ku mkombaphala ndi ku pulayimale ngati wina aliyense.

Udindo wa kalabu yanu

Mtsikana uja sanasiye sukulu. Anzake a ku kalabu anakambirana ndi anyakwawa, ndipo amayi atatu oyandikana nawo anavomera kusinthana kuyang'anira mwanayo m'mawa. Anyamata anavindikira chitsime cha pafupi ndi nyumbayo. Mwanayo sanayambe kuyankhula ziganizo, koma tsopano akafuna madzi amabweretsa kapu, ndipo sikelo yake ikukwera. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsiku la 2 Epulo chaka chilichonse ndi lokumbukira za autism padziko lonse, monga linakhazikitsira bungwe la United Nations mu 2007. Bwanji kalabu yanu osakonza sewero la nkhaniyi? Pa msonkhano wanu wotsatira kambiranani mafunso awa: Kodi m'mudzi mwanu muli mwana amene saoneka ku sikelo chifukwa makolo akuchita naye manyazi? Ndi mayina ati achipongwe amene timaitanira ana otere, ndipo tiwasiya liti? Kodi pali mnzanu amene akujomba ku sukulu chifukwa cholera m'bale wake? Mukamupeza, bwerani naye kwa ife pa tsiku la sikelo.