Phunziro 14: Tikongoletse Mudzi ndi Manja Athu

Amayi ndi abambo, mwezi wa Juni uli ndi masiku awiri aakulu. Pa 1 Juni ndi Tsiku la Ana. Pa 25 Juni ndi Tsiku la Ufulu. Pa tsiku limeneli mu 1975, Samora Machel analengeza ufulu wa Mozambique m'bwalo la masewera la Machava. Nthawi imeneyo, pa anthu 10 alionse, anthu 9 sankadziwa kuwerenga ndi kulemba.

Juni amafika titangokolola. Kuno ku Angónia ndalama za mbatata ndi nyemba zimakhala zitangolowa m'nyumba. Ndalamazo zili kale ndi ntchito yake: mbewu, feteleza, makope a ana ndi bulangeti la nthawi yozizira. Tisazithere pa zokongoletsa za pulasitiki ndi zidole za m'sitolo. Zokongoletsera mudzi tili nazo pakhomo. Tili ndi nsungwi, khonje, makoko a chimanga ndi nsanza. Tilinso ndi chida chatsopano: tikudziwa kuwerenga, kuyeza ndi kulemba.

1. Chipata cha pabwalo

Dulani nsungwi ziwiri. Iliyonse italike mamita 3. Kumbani maenje awiri akuya masentimita 50. Imikani nsungwizo ndi kutsendera dothi. Nsungwi yachitatu muimange mopingasa pamwamba ndi chingwe cha khonje. Mangani zolimba, chifukwa mphepo ya Juni ndi yamphamvu. Ntchito iyi ndi ya anthu atatu kapena anayi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tsopano maluwa. Viikani makoko a chimanga m'madzi mpaka afewe. Ang'ambeni m'litali. Pindani kachidutswa kalikonse pakati. Sonkhanitsani tizidutswa 6 ndi kumanga kunsi kwake. Duwa latheka. Mukafuna maluwa achikasu, wiritsani makoko a chimangawo pamodzi ndi makoko a anyezi. Akauma, amangirireni pa chipata.

2. Timbendera ta pachingwe

Mbendera ya dziko lathu ili ndi mitundu isanu: wobiriwira, wakuda, wachikasu, woyera ndi wofiira. Funani nsanza za mitundu imeneyi. Zidutswa zotsala kwa telala nazonso ndi zabwino. Dulani timbendera ta ngodya zitatu, taukulu ngati chikhatho. Tisokereni pa chingwe.

Apa masamu ayamba kutithandiza. Chingwe chathu ndi chotalika mamita 6, ndiwo masentimita 600. Kambendera kalikonse katenge malo a masentimita 20. Tifunika timbendera 30. Mitundu ndi isanu. Choncho mtundu uliwonse ukhale ndi timbendera 6. Amene wawerengera asanadule saononga nsalu.

3. Chikwangwani

Pa mbendera yathu pali khasu, mfuti, nyenyezi ndi buku. Bukulo likunena za ife amene tikuphunzira. Chikwangwani cha chaka chino tisakapemphe mwana wa sukulu kuti atilembere. Tilembe tokha.

Tengani katoni yaikulu kapena thumba loyera. Perani makala. Sakanizani ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kuti utoto umatike. Yambani mwayesera pansi ndi kamtengo. Kenaka lembani: 25 DE JUNHO. Muli manambala awiri ndi zilembo 7. Ophunzira 9 angathe kulemba, aliyense chimodzi. Chilembo chikapendekeka pang'ono musachite manyazi. Dzanja limene lachilemba linali lisanagwirepo pensulo.

4. Kalulu woluka

Pa Tsiku la Ana, mwana aliyense amakondwa ndi kamphatso. Tiyeni timulukire kalulu.

Ulusi tiupeza pa juzi yakale yong'ambika. Masulani juziyo. Kulungani ulusi pa nsana wa mpando. Uviikeni m'madzi ofunda, ndipo muuyanike mutamangirira kamwala kunsi kuti uongoke. Ngati mulibe singano zolukira, masipoko awiri a njinga agwira ntchito. Nsungwi zosema bwino nazonso zimaluka.

Ikani mfundo 30 pa singano. Lukani mzere ndi mzere mpaka kansalu kakhale ndi mbali zinayi zofanana. Tsekani.

Pindani kansaluko pakati kuti muone mzere wapakati. Tengani singano yosokera ndi ulusi wolimba. Sokani motalikitsa, kutsata mzerewo kuchokera kumanzere kufika kumanja. Kuchokera pamenepo sokani chokwera kufika pakati pa mbali yapamwamba. Tsikaninso kufika pamene munayambira. Mwasoka ngodya zitatu. Ikani thonje pakati pake ndi kukoka ulusi pang'onopang'ono. Pakatipo pasanduka mutu. Nsonga ziwiri zapamwamba zasanduka makutu. Mangani.

Gawo lotsala ndilo thupi. Lumikizani mbali zake ziwiri ndi kusoka kumsana. Longani thonje kapena nsanza zochapa. Kokani kunsi ndi kutseka. Sokeranipo kamchira koyera.

Abambo, kuluka si kwa amayi okha. Manja oluka nkhokwe ndi malichero angalukenso kalulu.

5. Chenjezo

Maso a kalulu asokedwe ndi ulusi wakuda. Musaike mabatani kapena mikanda. Mwana wamng'ono amaluma chidole. Batani likathothoka lingathe kumutsamwa ndi kumutseka mpweya.

Makoko ouma amayaka msanga. Moto wootha ndi nyali zikhale kutali ndi chipata ndi madenga a udzu.

Chikondwerero chikatha, tolani zonse. Ng'ombe ndi mbuzi zikadya mapepala a pulasitiki zimatsekeka m'mimba, zimaonda, zina zimafa. Makoko akaponyedwe pa dzenje la manyowa. Timbendera tichapidwe ndi kusungidwa. Chaka chamawa tidzagwiranso ntchito.

Mafunso

1. Kodi ufulu wa Mozambique unalengezedwa chaka chanji?
2. Tchulani mitundu isanu ya pa mbendera yathu.
3. Chingwe chatalika mamita 4. Kambendera kalikonse katenga masentimita 20. Tifunika timbendera tingati?
4. N'chifukwa chiyani sitiika mabatani pa chidole cha mwana wamng'ono?

Ntchito

Lembani m'kope mawu awa katatu: nsungwi, chingwe, ulusi, kalulu, ufulu.

Tikadzakumananso, aliyense abwere ndi makoko a chimanga ndi nsanza za mtundu umodzi. Amene ali ndi juzi yakale abwere nayo. Tidzaimasulira pamodzi.